Nsomba ya achimwene yaola, tanunkha tonse

Ndakhala chete kuyambira Loweruka poopa kulemba mtima uli m'mwamba. Lero ndi Lachitatu, mtima sunatsikebe, ndiye ndingolemba basi.

A ku Luwinga kuno mwamva kale. Achimwene ena, dzina ndisunga, munthu wamkulu wa ndevu zake, anapanga chimene iwo akuti roketi. Anatenga paipi yachitsulo, anathiramo wonga wa makombola otsala pa nyuwere, kenako anaiveka thupi la katoni lojambulidwa ngati chambo. Mamba anajambula limodzilimodzi, maso anaika zitsekero za mabotolo, kukamwa kuli yasa ngati ikuseka. Kukongola kokha ndisaname, inakongola. Ananyamula nsomba yawoyo kupita nayo pabwalo pomwe ana amasewera mpira, masana dzuwa lili pamutu, anthu ali piringupiringu, anaiimika pakati pa njerwa ziwiri n'kuiyatsa ndi machesi. Machesi, abale anga! Atagwada, nkhope ili pompo.

Nsomba ija kumwamba sinapiteko. Inadzuka kufika m'chiuno mwa munthu, inatembenuka, inayamba kuthamanga chopingasa ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu. Inadutsa pakati pa ana, mmodzi inamuwaula tsitsi la pamwamba pa khutu, n'kukathera pa benchi ya amayi ogulitsa tomato ndi bonya kuseri kwa golo. Lona linapsa, tomato mbwee pansi, chitenje cha amayiwo chinabooka malo atatu. Paipi ija sinaphulike, ndipo chimenecho chokha ndicho chachititsa kuti lero ndikulemba za tomato osati za maliro.

Atafunsidwa, yankho lawo linali lakuti: "Ndinaona pa foni azungu akuulutsa chimbudzi, ndiye ndimati nanenso ndiseketseko anthu."

Apa ndi pamene pandipsetsa mtima. Achimwene, chimbudzi chimene munaonacho n'choona, chinauluka ndithu. Ku America kuli anthu amene amaulutsa zinthu zoseketsa: zimbudzi zapulasitiki zonyamula zija, makoni a pamsewu, mipira yolemera ya bowling, zinthu zooneka ngati mbale. Pamsonkhano wawo wa chaka ndi chaka wotchedwa LDRS zoterezi ndiye zimakoka anthu. Koma inu munatengako kuseka kokha, muyeso munausiya komweko. Choseketsa pa chimbudzi chija ndi maonekedwe basi. Moto wake si nthabwala, ndipo amene anachimanga sankaseka pamene ankachiyeza.

Kanema wa pa foni amatenga masekondi 30. Sakuonetsani kuti munthu uja ali ndi chiphaso. Inde, chiphaso, ngati cha galimoto. Kumeneko mota ya roketi, kachipangizo kamene kamayaka n'kuikankhira m'mwamba, sapanga kuseri kwa nyumba ndi zotsala za nyuwere, kawirikawiri imagulidwa yopangidwa ku fakitale, itayesedwa, ndipo ili ndi chilembo chosonyeza mphamvu yake. A ndi kakang'ono ka ana asukulu, B ndi kawiri kuposa A, C ndi kawiri kuposa B, choncho mpaka m'tsogolo. Kufika pa G udakali pa masewera wamba. Kuyambira pa H ndi pamene amati mphamvu zazikulu, ndipo wogulitsa sakupatsa H ngati sunavomerezedwe ndi limodzi la mabungwe awo, National Association of Rocketry kapena Tripoli Rocketry Association. Kuti upeze gawo loyamba, la H ndi I, umamanga roketi yako, umaiulutsa pamaso pa mboni, ndipo iyenera kutsika ndi parachuti n'kutera yosawonongeka. Ikasweka, walephera, kayambirenso. Gawo lachiwiri, la J, K ndi L, pali mayeso olemba. Lachitatu, la M kupita m'tsogolo, akadaulo amayamba aona mapulani ako usanadule ngakhale thabwa limodzi. Munthu woulutsa chimbudzi uja anadutsa m'menemo. Inu munadutsa kuti?

Safunsa anadya phula.

Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti pofunsa panalipo. Achimwene omwewa amandidziwa. Loweruka lililonse kwa zaka ziwiri tsopano ndimasonkhanitsa ana a m'dera lino pabwalo lomwelo kuulutsa maroketi a madzi. Botolo lapulasitiki la malita 2, madzi gawo limodzi mwa magawo atatu, valavu ya chubu cha njinga, pampu, zipsepse za katoni zomata ndi selotepu. Moto palibe, wonga palibe. Ine mota ya H sindinaigwirepo m'manja, ndimangoiwerenga, koma malamulo ake ndi omwe ndimaphunzitsa anawo ngakhale pa botolo la madzi. Nafenso timapanga zoseketsa. Tinaulutsapo nthochi, tinaulutsapo chinangwa chokhala ndi maso, kamtsikana kena ka Sitandade 6 kanapanga basi yolembedwa Mzuzu–Karonga ndi kondakitala wapepala atalendewera pakhomo, anthu anaseka mpaka misozi. Koma basi ija isanauluke tinaiyeza masiku awiri.

Kuyezako sikufuna ndalama, ndiye musandiuze za umphawi. Umatenga roketi yako, umaiika pa chala mpaka upeze pamene ikukhazikika osapendekera uku kapena uku. Pamenepo umamangapo chingwe, n'kuyamba kuizunguza pamwamba pa mutu ngati legeni ya mwala. Ikamazungulira mphuno ili kutsogolo, ili bwino. Ikamapita chammbali kapena chamchira, kapena kumangogubuduka, imeneyo siuluka, ikuthamangitsa anthu. Umawonjezera kulemera kumphuno, dongo kapena mchenga pang'ono, kapena kukulitsa zipsepse, n'kuzunguzanso. Nkhani yonse ndi yakuti pamene pali kulemera kwa roketi pazikhala kutsogolo kwa pamene mphepo ikuikankha, ndipo mpata wake usachepere kunenepa kwa thupi la roketiyo. Katswiri wina wa ku NASA, bungwe la ku America loona za kuthambo, dzina lake James Barrowman, analemba masamu ake m'zaka za m'ma 1960, ndipo lero pali pulogalamu yaulere ya pa kompyuta, OpenRocket, imene imakuwerengera. Koma ngakhale wopanda kompyuta chingwe ali nacho. Chingwe cha pa thumba la makala chikadapulumutsa tomato wa amayi aja.

Ndipo roketi ikakhala yoseketsa ndi pamene kuyezako kumafunika koposa. Yowongoka ngati pensulo imakhululuka. Chambo ayi: chotakata pakati, chopepuka kumutu, chitsulo chonse chili kumchira. Aliyense amene anazunguzapo botolo pa chingwe akadakuuzani asanaigwire n'komwe kuti nsomba imeneyi ithamangira anthu. Ana anga a Sitandade 6 akadakuuzani. Mmodzi mwa iwo ndi amene wapsa tsitsi uja, ndipo akuti anakuwa kuti "ankolo, simunaizunguze", inu n'kumuuza kuti atseke pakamwa.

Mwatengera kuseka, mwasiya muyeso. Ndibwerezanso chifukwa ena mwa inu m'makomenti a pa kanema wa nsombayi mwayamba kale kumuikira kumbuyo.

Anthu oulutsa zimbudzi aja sayatsa ndi machesi. Amayatsa ndi batire ndi waya wautali, ndipo pa mota ya H aliyense amaima mamita 30 kutali, zikamakula mtunda nawonso umakula. Amawerenga chobwerera mokweza kuti aliyense amve. Ikakana kuyaka, palibe amene amathamangirako, amadikira mphindi yathunthu. Mphepo ikapitirira makilomita 32 pa ola, amalongedza n'kubwerera kwawo. Pamakhala munthu amene ntchito yake ndi kuyendera roketi iliyonse, ndipo akati iyi ayi, ndiye kuti ayi, kaya unaimanga chaka chonse. Thupi limakhala la katoni yolimba, pulayiwudi kapena faibala, chikopa cha mota chimakhala cha aluminiyamu, osati paipi yachitsulo, chifukwa chitsulo chikaphulika chimamwaza zidutswa zocheka munthu. Amapempha chilolezo kwa oyang'anira za ndege. Zazikulu kwambiri amakaulutsira ku chipululu cha Black Rock ku Nevada, kumene ungayende makilomita ambirimbiri osaona nyumba kapena udzu. Inu munasankha bwalo la ana, mu Okutobala udzu uli gwaa, mumzinda umene bwalo la ndege lili m'tauni momwemo. Simunaonepo utsi wa ku Chikangawa nyengo ino kuti mudziwe chimene kamoto kamodzi kamachita?

Wina walemba kuti tisamugwetse ulesi, mwina ndi Kamkwamba wamawa. Musamunyoze William Kamkwamba chonde. Mnyamata uja ali ndi zaka 14 ku Wimbe ku Kasungu ankapita ku laibulale kukayang'anitsitsa mabuku ndi zithunzi zake asanaimike makina ake amphepo. Anafunsa. Ndipo ngati mukufuna chitsanzo cha munthu wamba pa nkhani ya maroketi yomweyi, alipo Steve Eves, wowongola mabodi a galimoto wa ku Ohio, ntchito yomweyi ya anzathu a m'magalaja a ku Luwinga. Mu Epulo 2009 anaulutsa ku Maryland chifanizo cha Saturn V, roketi imene inapititsa anthu kumwezi. Chake chinali chachitali pafupifupi mamita 11, cholemera makilogalamu oposa 700, chokhala ndi mamota 9. Chinakwera kupitirira kilomita imodzi, chinatsika ndi maparachuti, palibe amene anapsa tsitsi. Munthu ameneyo si profesa. Kusiyana kwake ndi achimwene athuwa si khungu kapena ndalama zokha. Uja anayeza, awa anangoyatsa.

Inde, mamota enieniwo kuno sindinaonepo pogulitsa, ntchito zikusowa, anyamata akungotha tsiku pa foni, zonsezo ndikuzidziwa. Sizinagwire machesi zimenezo.

Tsono taonani zotsatira zake. Lolemba madzulo anandiitanitsa amfumu a m'dera lathu. Ndinakhala pansi bwinobwino, ndinafotokoza kuti zathu ndi madzi ndi mpweya, ndinanyamula ngakhale botolo kuti aligwire okha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Aphunzitsi, ine ndakumvani, koma makolo sakusiyanitsa. Roketi ndi roketi. Muyambe mwaima kaye." Ndiwadandaule bwanji? Akanakhala mwana wanga wapsa tsitsi, nanenso ndikanayankhula chimodzimodzi. Nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo ulendo uno yaola ndi nsomba yeniyeni ya katoni ya maso a zitsekero. Zaka ziwiri ndakhala ndikuchonderera makolo kuti izi si misala, si ufiti wa ndege za lichero, ndi sayansi yomwe ili m'mabuku a ana awo. Mayi wina anatenga miyezi isanu kuti alole mwana wake wamkazi kubwera. Dzulo wandiimitsa pa chigayo, moni sanandipatse, wangoti mwana wake ndisadzamuonenso. Kamtsikana ka basi ya ku Karonga kaja.

Zonsezo chifukwa munthu mmodzi anafuna anthu aseke koma sanafune kumanga chingwe.

Ndipo inu amene munalipo, musaganize kuti ndakuiwalani. Akuluakulu oposa khumi munaima pamenepo mafoni ali m'mwamba. Munaona munthu akugwada ndi machesi pa paipi yodzaza wonga, ana atamuzungulira ngati akugawa maswiti, palibe ndi mmodzi yemwe anati ana inu sunthirani uko. Aliyense amafuna kanema wake atuluke bwino. Pofika madzulo anali atazungulira magulu onse a WhatsApp mu Mzuzu muno, wina anamuikira nyimbo, wina anabwereza katatu pamene amayi aja akugwa pa mpando. Mwaseka, mwatumizirana, mwaika tizithunzi togwetsa misozi. Amayiwo ndawaona m'mawa uno akuyala tomato pa thumba pansi chifukwa lona alibe, katundu anatenga pa ngongole, ndipo mwa onse ojambula aja palibe waponyapo ngakhale K500. Mwini nsomba naye sakuoneka, akuti anapita kwa azakhali ake ku Ekwendeni.

Achimwene, ndikudziwa mukuwerenga. Lona la amayi aja mukagule. Ndipo pampu yanga ya njinga imene munabwereka mu Julayi ija ndikuifuna.