Mpikisano wa ski wa m'makoleji a ku America unakoma amuna atasiya kupikisana okha

Pakati pa anthu okonda masewera a ski, aja otsetsereka pa chipale chofewa atamanga timatabwa titalititali kumapazi, alipo amene amati mpikisano wa sukulu zaukachenjede za ku America unkakoma kale pamene unali wa amuna okha. Ine maganizo amenewa sindigwirizana nawo, ndipo mboni yanga ndi mndandanda wa matimu amene anatenga chikho.

Bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'makoleji a ku America, linayamba mpikisanowu mu 1954 ku Reno m'chigawo cha Nevada, ndipo unakhala wa amuna okha mpaka 1982. Mwa zikho 29 za nthawi imeneyo, 25 zinagwera sukulu ziwiri za m'chigawo chimodzi: University of Denver inatenga 14, pamene University of Colorado inatenga 11, kuphatikizapo cha 1976 chimene inagawana ndi Dartmouth. Timu ya Denver, imene ankaiphunzitsa Willy Schaeffler wobadwira ku Germany, inapambana chaka ndi chaka kuyambira 1961 mpaka 1967, kenako Colorado inachitanso chimodzimodzi kuyambira 1972 mpaka 1979. Mpikisano umene wopambana amadziwika chipale chisanagwe n'komwe sungatchedwe wokoma, ngakhale Wyoming inadzidzimutsa anthu potenga chikho mu 1968.

Sindikunyoza luso la anyamata a masiku amenewo. Ena ankalumpha kuchokera pachitunda, kuthamanga mtunda wautali, kenako n'kutsika phiri mokhotakhota pakati pa timitengo ta slalom, pamene kuphonya kamtengo kamodzi kokha kumamuchotsa munthu mumpikisano. Wochita bwino pa zonsezi ankapatsidwa ulemu wa skimeister, umene masiku ano kulibenso, ndipo pamenepa pokha ndimawamvetsa odandaulawo.

Komabe zimene zinachitika mu 1983 n'zimene zinaupatsa mpikisanowu nkhope yatsopano. Kuyambira chaka chimenecho mapointi a amuna ndi a akazi amaphatikizidwa, chikho n'kukhala chimodzi, ndipo Utah ndi imene inayamba kuchitenga. Zotsatira zake n'zakuti sukulu imene ikufuna chikho singamwaze ndalama pa anyamata n'kusiya atsikana opanda mphunzitsi wabwino kapena zipangizo, chifukwa mtsikana akagwa pa slalom mapointi otayikawo ndi a timu yonse. Masewera ambiri a m'makoleji amapatula zikho za amuna ndi za akazi, ndipo kawirikawiri chidwi chimapendekera mbali imodzi.

N'zoona kuti Denver, Colorado ndi Utah zimalamulirabe, poti zili pafupi ndi mapiri ndipo zimakopa osewera ochokera ku Norway ndi mayiko ena a ku Ulaya. Koma m'nyengo yatsopanoyi Vermont yatenga chikho kangapo, Dartmouth inatenga mu 2007, ndipo New Mexico inatenga mu 2004. Chimene chimandiwawa n'chakuti New Mexico yomweyo inathetsa timu yake ya ski mu 2019 pofuna kuchepetsa ndalama zowonongedwa pa masewera.