Liwu loti "bestow" tisamangoliponya paliponse

Abale anga olankhula Chichewa kuno ku Harare, liwu lachingerezi loti "bestow" likuipitsa makalata abwinobwino ndiponso mawu othokoza a kutchalitchi ndi paukwati. Ambiri amalitenga ngati "give" wovala suti basi, pomwe lili ndi malamulo akeake.

Tanthauzo lake ndi kupatsa ndithu, koma kupatsa kwa wamkulu. Ifenso tili nalo lathu: kuninkha. Mfumu ndiyo imaninkha munthu udindo, Mulungu amaninkha madalitso. "Bestow" nalonso limachokera kwa mwini mphamvu kutsikira kwa wolandira, ndipo zoperekedwazo ndi ulemu, dzina, mendulo, mdalitso. Tsono taganizani amayi a chigwirizano ku Mufakose agwada pamaso pa abusa, bulangeti lokulungidwa bwino lili m'manja, wowayankhulira n'kunena "we bestow this blanket". Mosadziwa, adzikweza pamwamba pa abusawo. Pamenepo liwu loyenera ndi "present". Ndalama za chipepeso kapena zomangira sukulu ndi "contribute" kapena "donate". Wopempha tchuthi kwa abwana alembe "grant me leave".

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa kasanjidwe. Mumayamba ndi chinthucho, kenako "on" kapena "upon", munthu n'kubwera kumapeto: "The chief bestowed a title on him." Kunena "give him a medal" n'kolondola, koma "bestow him a medal" ayi, ndipo "to" musamuikepo. Chifukwa chake chili mu tsinde la liwulo, "stow", kuika chinthu pamalo. Ulemuwo mukuchita kuuika pa munthu, monga momuvekera chisoti kumutu. Mukakumbukira chisoticho, "on" simudzamuiwala.

Mnzake wa liwuli ndi "confer", ndipo iyeyu ndi wa zalamulo kwenikweni. Ku University of Zimbabwe, ku Mount Pleasant, Chansela, yemwe ndi Pulezidenti wa dziko lino, akamapereka madigiri amati "confer". N'chimodzimodzi ulemu wa ngwazi ya dziko kwa amene amakaikidwa ku Heroes Acre. "Confer" nayenso amatenga "on". Polemba "conferred" ikani r awiri. Chenjerani ndi "confer with", chifukwa kumeneko si kupatsa konse, koma kukhala pansi n'kukambirana ndi munthu.