Asiyeni amayi aja, sanalakwe kutaya makhadi

Maganizo anga lero ali pa nkhani yomwe mwina ambiri simuitsata koma ndipirireni pang'ono. Ku America kuli anthu omwe mtima wawo onse uli pa kutolera makhadi akale a osewera baseball, basketball ndi masewero ena, timapepala tolimba tokwana m'chikhatho, kutsogolo chithunzi cha wosewera kumbuyo mbiri yake ndi manambala a mmene wasewerera. Nde dandaulo lomwe limamveka kwambiri pakati pawo, makamaka azibambo omwe anali ana m'ma 1950 ndi 1960, ndi limodzi lomwelo: ndinali ndi katoni ya nsapato yodzadza makhadi, nditachoka pakhomo kupita ku koleji kapena ku usilikali mayi anga anasesa m'chipinda nkutaya zonse, bwenzi pano ndili mpondamatiki. Munthu wa imvi zake mpaka pano akuwasungirabe chakukhosi mayi ake omwe mwina anatisiya kalekale. Ine izi zimandipweteka ndipo ndikuona kuti dandaulo limeneli lilibe mutu.

Ndikumvetsa komwe likuchokera. Mu August 2022 khadi limodzi la Mickey Mantle, katswiri wa baseball wa timu ya New York Yankees, lomwe kampani ya Topps inatulutsa mu 1952, linagulitsidwa $12.6 miliyoni ku okushoni ya Heritage. Khadi lomwelo mwana ankalipeza mu paketi ya 5 cents pamodzi ndi chingamu. Amene analigulitsa, Anthony Giordano, analigula mu 1991 pa $50,000 kwa wamalonda wotchuka Alan Rosen, nkulisunga zaka 31. Nde munthu yemwe akukumbukira kuti analigwirapo khadi limenelo ali mwana, akamva ndalama zimenezo mutu umazungulira, zimenezo sindikutsutsa.

Koma tadzifunseni kuti bwanji khadi limeneli ndi lodula chonchi. Ndi chifukwa chakuti ambiri anatayidwa basi. Ndipo amene anataya si amayi okha ayi, eni ake a Topps nawonso anataya. Seti ya 1952 inali ndi makhadi 407 ndipo ankawatulutsa m'magawo, gawo lomaliza loyambira pa nambala 311, yemwe ndi Mantle uja, linafika m'masitolo mochedwa nyengo ya baseball ikutha ana atayamba kale kuganiza za American football. Katundu sanayende, makatoni anangowunjikana mosungira katundu ku Brooklyn kwa zaka. Sy Berger, yemwe anakonza setiyo, ankafotokoza yekha kuti cha m'ma 1960 anakweza makatoniwo pa chombo chotaya zinyalala nkukawaponya m'nyanja ya Atlantic kuti apeze malo. Ngati munthu amene anawapanga ndi manja ake, wodziwa bizinesiyo kuposa wina aliyense, anawaona ngati zinyalala, mayi wa ana asanu yemwe akufuna malo m'kabati akanadziwa bwanji?

Chinanso chomwe odandaulawa safuna kumva nchakuti olo mayi akanasunga katoni ija, makhadi awowo sakanafika pamitengo imeneyi. Ana a nthawi imeneyo ankasewera nawo makhadi, ndi ntchito yake imeneyo. Ankawaponya kukhoma popikisana, kusinthana kusukulu, kuwaika m'thumba la kabudula, ena kuwapana ndi pegi pa njinga kuti azikhudza masipoko nkumalira ngati njinga yamoto. Ankawamanga ndi labala motsatira manambala, nchifukwa chake khadi nambala 1 la setiyo, la wosewera Andy Pafko, ndi lovuta kwambiri kulipeza lili bwino poti limakhala pamwamba pa mulu labala nkulidya m'mbali. Masiku ano makampani ngati PSA, yomwe inayamba mu 1991, ndi SGC amayeza khadi nkulipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 10, amaona makona ngati ali akuthwa, m'mbali, pamwamba pake ngati pali kamzere kopindika, komanso ngati chithunzi chili pakatikati. La $12.6 miliyoni lija linali 9.5, ndipo linachokera mu mulu womwe unapezeka mu 1986 ku Massachusetts womwe ana sanauseweretsepo. A PSA 10 a Mantle ameneyu alipo atatu okha. La m'thumba la kabudula likanapeza 1 kapena 2, ndalama zilipo ndithu koma zosayandikira olo pang'ono zomwe anthu amawerengera akamadandaula.

Umboni waukulu wa zomwe ndikunenazi unabwera pambuyo pake. Kumapeto kwa m'ma 1980 nkhani inali itafala kuti makhadi akale ndi chuma, nde mbadwo wonse unalumbira kuti ife sitibwereza zomwe anachita amayi athu. Anthu anagula makatoni athunthu osatsegula nkomwe, kuika m'mapulasitiki, kubisa m'kabati kudikira kuti adzalipirire ana fizi ya ku yunivesite. Makampani nawo ataona kuti anthu akugula chilichonse anasindikiza mopanda malire, Topps, Fleer, Donruss, Score, kenako Upper Deck mu 1989 ndi khadi lake lotchuka la Ken Griffey Jr. Zotsatira zake zili ngati mmene zimakhalira aliyense akalima tomato nyengo imodzi, pa msika mtengo umangogwa. Mu 1994 osewera baseball anachita sitalaka mpaka World Series, mpikisano wa ndime yomaliza wa baseball, osaseweredwa, chidwi chinazilala, masitolo ambiri a makhadi anatseka. Makhadi a zaka zimenezo lero amawatchula kuti junk wax, ambiri mwa iwo olo mutawapereka ulere munthu amaganiza kaye kuti akawasunga pati. Aliyense anasunga, ndipo chifukwa aliyense anasunga palibe yemwe anapindula kwenikweni. Amayi onse a ku America akanasunga makatoni a 1952, Mantle akanakhala chimodzimodzi.

Kwa ine anthu omvetsa chisoni kwenikweni ndi ana a 1990 amenewa. Wa 1952 uja anasangalala nalo khadi lake, analimva likulira pa njinga, anakangana ndi mnzake posinthana. Wa 1990 anauzidwa kuti usaligwire ndi zala ulipinda, nde sanasewere nalo komanso ndalama sanaione. Anataya zonse ziwiri.

Ndipo ndalama zikalowa mu chinthu zimabwera ndi zakezake. Tengani khadi la Honus Wagner, wosewera baseball wa timu ya Pittsburgh Pirates, la mu seti yotchedwa T206 yomwe inkaikidwa m'mapaketi a ndudu a American Tobacco Company pakati pa 1909 ndi 1911. Wagner analetsa kuti khadi lake lipitirire kusindikizidwa, ena amati sankafuna ana azigula fodya chifukwa cha chithunzi chake ena amati inali nkhani ya malipiro, nde otsala lero ndi makumi ochepa chabe. Lina linagulitsidwa $6.6 miliyoni mu 2021, lina $7.25 miliyoni mu 2022. Koma lotchuka kuposa onse ndi lomwe katswiri wa ice hockey Wayne Gretzky ndi mwini timu yake Bruce McNall anagula $451,000 mu 1991, lomwenso linali khadi loyamba kuyezedwa ndi PSA nkupatsidwa 8. Patapita zaka, mu 2013, wamalonda Bill Mastro anavomera kukhoti kuti analidula m'mbali kuti lioneke lakuthwa, ndipo anakakhala kundende pa milandu ya chinyengo pa malonda a okushoni. Khadi lomwe linapirira zaka zoposa 70 munthu nkulidula dala chifukwa cha dyera, izi nde zofunika kudandaula, osati mayi wosesa m'nyumba mwake.

Nkhani zomwe zimawonjezera moto ndi zija za mwayi. Mu 2012 banja lina ku Defiance, Ohio, linapeza makhadi pafupifupi 700 a cha m'ma 1910 m'chipinda cha kudenga m'nyumba ya agogo awo, ali ngati atsopano. Mu 2016 banja lina linapeza makhadi 7 a katswiri wakale wa baseball Ty Cobb mu kathumba ka pepala kong'ambika. Anthu akamva zimenezi amati mwaona, kusunga nkwabwino. Koma mabanja amenewa sanasunge mwanzeru ayi, anangoiwala, ndipo zinangochitika kuti chinyezi, mbewa ndi moto sizinafikeko kwa zaka 100. Palibe akanakonza zimenezo mwadala.

Palinso ena odandaula kuti ndinagulitsa msanga, kapena ndinaliona pa mtengo wotsika osagula. Nthawi ya Covid mitengo inakwera modabwitsa anthu ali m'nyumba ndi ndalama zosowa kopita, khadi la Michael Jordan la Fleer la 1986 la PSA 10 linafika $738,000 kumayambiriro kwa 2021, aliyense yemwe analigulitsa kale motchipa ankadziguguda pachifuwa. Sipanatenge nthawi linatsika kupitirira theka. Nde amene anathamangira kugula chifukwa choopa kudzadandaula mawa ndi amene anapsa kwambiri. Yemwe anagulitsa khadi lake mu 1985 kuti alipire lendi kapena chipatala cha mwana anachita zoyenera pa tsikulo ndi zomwe ankadziwa, ndipo sindikuona chifukwa choti azidzizunza nazo lero.

Munthu yemwe ine ndimamupatsa ulemu pa nkhani yonseyi ndi Jefferson Burdick wa ku Syracuse, yemwe anayamba kulemba kaundula wa makhadi m'ma 1930, dzina loti T206 likuchokera mu kaundula wakeyo. Anali wodwala nyamakazi yoopsa, koma anatolera zinthu pafupifupi 300,000 nkuzipereka zonse ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo zaka zake zomaliza anathera mmenemo akumata makhadi ake m'mabuku ndi manja opuwalawo mpaka anamaliza, nkumwalira mu 1963. Anamata ndi guluu, chinthu chomwe woyeza giredi wa lero angagwe nacho mphwayi, ndipo Wagner wake ali momwemo. Sanagulitse kuti alemere, ankafuna zisabalalike komanso kuti anthu ena adzazione. Amayi aja ankafuna nyumba yaukhondo, Burdick ankafuna kusunga mbiri, mwana wa pa njinga ankafuna phokoso, ndipo onsewa ndimawamvetsa bwinobwino. Amene sindimumvetsa ndi bambo wa zaka 75 yemwe akamakumbukira mayi ake choyamba kubwera m'mutu ndi katoni ya nsapato.