Musanapereke laputopu kuti aifomate, tamverani kaye

Ine pali chinthu chimodzi chimandiwawa kwambiri pa nkhani ya makompyuta. Laputopu ikangoyamba kuchedwa kapena yalowa vairasi, munthu amathamanga nayo kwa anyamata okonza aja, iwo osafunsa kanthu angoti "iyi ndiyofomata basi bwana", ola limodzi lokha afufuta zonse mu hadi disiki mpaka kachigawo kobisika kamene kampani inaikamo dala kuti tsiku lina makinawo adzathe kubwerera mmene analili potuluka ku fakitale. Mwini wake amalipira, kuthokoza, ulendo kunyumba, osadziwa n'komwe chimene wataya.

Zinawachitikira achemwali anga. Laputopu yawo inali ndi Windows 7 yeniyeni, kunsi kwake kastika kaja ka zilembo ndi manambala 25 kotsimikizira kuti Windows ndi yeniyeni kali pompo. Pobwera kokonzetsa Wi-Fi siikugwira, mabatani okwezera voliyumu ali zii, patapita masabata angapo sikirini yada bii ndipo pakona palembedwa kuti Windows imeneyi si yeniyeni. Koma izi ndi zazing'ono. Zithunzi za chinkhoswe chawo zinali pa desktop, m'menemo muli agogo athu amene pano anatisiya, zonse zinapita. Ndinawapeza atakhala pamkeka laputopu ili pamiyendo akutsegula foda ndi foda, mulibe kanthu, ndinasowa chowauza.

Pomwe njira inalipo. Malaputopu ambiri a nthawi imeneyo ukamayatsa pali batani lake lokulowetsa mu recovery, kachigawo kobisika kaja kobwezeretsa makina mmene analili: HP ndi F11, Acer ndi Alt ndi F10 limodzi, Asus F9, Toshiba umagwira 0 kwinaku ukuyatsa, Lenovo zina zili ndi kabatani kakang'ono pambali kotchedwa Novo. Imabwezeretsa Windows yako yomwe ija, madiraiva onse, timapulogalamu tija toyendetsa Wi-Fi, voliyumu ndi zina, ali momwemo, osasakanso pa intaneti.

Vuto lake kachigawo kameneka kamakhala mu hadi disiki momwemo, ndiye hadi disiki ikafa kapena wina akaifomata yonse nako kapita. N'chifukwa chake ndimalimbikira za ma recovery disc, madisiki okoperapo zonse za m'kachigawo kameneka. Ine HP yanga nditangoigula ndinatsegula pulogalamu yake yotchedwa Recovery Manager n'kubena madisiki, kutanthauza kukopera zimenezi pa madisikiwo, anakwana 4, ma DVD-R wamba a 4.7GB aja, ofufutika aja a RW imawakana. Ndipo HP imakulola kubena seti imodzi yokha basi, ndiye si zoti ubene lero mawa wabwereketsa kwa mnzako akakande. Ndinalemba ndi maka 1, 2, 3, 4 n'kuwaika mu envelopu momwe ndimasunga masatifiketi a sukulu.

Patadutsa zaka zitatu mwana wanga anakodwa ndi waya wa chaja, laputopu pansi phii! Poyatsa hadi disiki imangolira kuti tiki tiki tiki. Ndinagula ina, n'kuika, poyatsa ndinadina Esc kenako F9 n'kusankha kuti iyambire pa DVD, ndaika disiki 1, yokha ikupempha 2, kenako 3, 4, ikamaliza imazima n'kuyaka yokha kangapo, apa ndi pomwe anthu ambiri amachita mantha n'kuizimitsa, ayi isiyeni imalize. Zinanditengera madzulo onse koma itayaka inali ngati tsiku lomwe ndinaichotsa mu katoni, sindinalipire munthu ngakhale tambala. Chaja ikhale yolumikiza, komanso sankhani nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi sazima makamaka ngati batire inafooka, chifukwa ikazimira pakati muyambiranso pa disiki 1.

Ndinene poyera, njira iyinso imafufuta zanu zonse, zithunzi, nyimbo, ma assignment, chilichonse. Kusiyana kwake n'koti imayamba yakuchenjezani, ndipo wogwira makinawo ndinu amene mukudziwa kuti zithunzi za agogo zili foda iti. Koperani kaye pa fulashi kapena pa hadi disiki yakunja, mutsegule pa kompyuta ina muone ndi maso anu kuti zalowadi, kenako muyambe.

Ena ati madisiki ndi zachikale, laputopu zamakono zilibe n'komwe poika DVD. Zoona. Koma pa Windows 10 ndi 11 mungolemba Create a recovery drive pamalo osakira paja, muchonge poti back up system files, mulowetse fulashi ya 16GB kapena kuposa, ikhale yopanda kanthu chifukwa imafufutidwa. Ndi ntchito yomwe ija, yangosamukira pa fulashi. Komanso ndisakunamizeni, Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 January 2020, ndiye mukaibwezeretsa ndi yabwino kutaipira, kuonera mafilimu ndi kuphunzitsira ana, koma za ku banki ine sindingachitirepo. Laputopu za kaunjika nazo zambiri zimafika zitafufutidwa kale ku maofesi komwe zinachokera, kachigawo kaja mulibe, apo palibe wolakwa.

Sindikunyoza okonza makompyuta ayi, alipo odziwa ntchito amene amayamba akufunsa kuti "mwasunga zinthu zanu?" ndipo amayesa kaye batani la recovery asanagwire china chilichonse. Amenewo agwireni ndi manja awiri. Koma wongothamangira kufomata ndi Windows ya mu fulashi yake imene waika kale m'makompyuta a tauni yonse, mufunseni maso ndi maso ngati kachigawo ka recovery akasiye, akayamba kuzungulira nyamulani laputopu yanu muzipita.

Achemwali anagula ina mwezi watha. Loweruka lino ndikupita kwawo ndi fulashi yatsopano ya 32GB, ndawauza kale pafoni kuti asaikemo chithunzi ngakhale chimodzi mpaka ine nditafika.