Musandionetsenso vidiyo ya Orania

Ndilankhulira pano chifukwa dzulo ndinadzigwira, panali pa chinkhoswe ndipo sindinafune kusokoneza mwambo wa eni ake. Alamu anga, amene angofika kumene kuchokera ku Joni, anatulutsa foni nsima isanabwere n'komwe n'kuyamba kuiyendetsa mpando ndi mpando. Vidiyo ya Orania, tauni ija ya ku Northern Cape, ku South Africa, kumene kumakhala azungu olankhula Afrikaans okhaokha, aja timawatchula kuti Mabunu. Misewu yosesedwa, minda ya mtedza wa pecan, magetsi a dzuwa, ndalama yawoyawo. Kenako n'kunena mokweza, ana ali pomwepo akumva, kuti "Mwaona alamu? Mzungu ndi mzungu basi. Ife akuda tinalodzedwa." Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, n'kumagwedeza mitu kuvomera.

Alamu, ndimakulemekezani, koma zimenezi ndakana. Amene analodzedwa ndi amene amaonera vidiyo ya mphindi ziwiri n'kuyamba kutukwana mtundu wake wonse.

Orania ndi tauni yosankha anthu pakhomo. Nkhani yonse ili pamenepo. Sungangonyamula chikwama n'kukapeza nyumba ya lendi ngati mmene umachitira ku Hillbrow kapena ku Diepsloot, madera a ku Joni. Umayamba wapempha chilolezo chokhalamo, amakufunsa mafunso, amafufuza mbiri yako, ndipo akapanda kukhutira nawe amakubweza. Malo onse ali m'manja mwa kampani, wogula nyumba amagula masheya m'kampaniyo. Ndiye mundiuze, ndi mudzi uti padziko lino umene sungaoneke waukhondo utakhala ndi mphamvu yobweza aliyense amene sukumufuna? Sukulu imene imalemba ana okhoza okhaokha, enawo n'kuwathamangitsira ku sukulu ya boma, ikamanyadira kuti kwawo salephera mayeso, inu mumawomba m'manja? Ndi zomwezo.

Amasankha pakhomo. Wosauka wa mtundu wina salowa, wofuna ganyu salowa, wothawa njala kumudzi salowa. Onsewo amatsalira matauni ena, kenako wina n'kujambula vidiyo yoyerekeza malo awiriwa ngati kuti anayambira pa mzere umodzi.

Ndipo musamanene kuti anayamba opanda kanthu, pa tchire. Bodza limenelo. Tauniyo inamangidwa ndi boma la South Africa mu 1963 kuti muzikhala ogwira ntchito yomanga ngalande ndi madamu a mtsinje wa Orange. Nyumba zinalipo, misewu inalipo, mtsinje uli pakhomo. Mu 1990, chaka chomwe Mandela anatuluka m'ndende, Carel Boshoff ndi anzake anagula tauni yonseyo ndi R1.5 miliyoni. Boshoff ameneyu anali mkamwini wa Hendrik Verwoerd, nduna yaikulu yakale ya dzikolo komanso mmisiri wamkulu wa tsankho la apartheid. M'tauniyo munali anthu, mabanja a makaladi amene ankakhala dera lotchedwa Grootgewaagd, ndipo mu 1991 anachotsedwa. Vidiyo yanu ija inakuonetsani zimenezo? Inakuonetsani chiboliboli cha Verwoerd chimene chili pa kaphiri pamwamba pa tauniyo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za malo sindichulukitsa. Lamulo la malo la 1913 la ku South Africa linasiyira anthu akuda 7 peresenti ya dziko lawo lomwe, mu 1936 anawonjezera kufika pafupifupi 13 peresenti. Amene ali ndi makutu wamva kumene kunachokera ndalama zogulira tauni yathunthu.

Tsopano akuti tauniyo ikukula, ikhala mzinda. Chabwino, tiyeni tiwerenge. Padutsa zaka zoposa 30 chiyambire, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 3,000. Mabunu mu South Africa ndi oposa 2 miliyoni. Ndiye kuti ngakhale eni mtundu, ochuluka zedi, anayang'ana Orania n'kunena kuti zikomo, ife tikhala konkuno ku Pretoria ndi ku Bloemfontein. Eni ake sakuthamangirako, koma alamu anga a ku Dedza ndi amene akuimba nthungululu. Anthu 3,000 mumawadziwa inu? Sangadzaze ngakhale mbali imodzi ya bwalo la mpira. Mfumu ya mudzi yodziwa ntchito yake ingathe kuwayendetsa ndi kope limodzi. Ndiye muziyerekeza zimenezo ndi Johannesburg, kumene kumalowa anthu tsiku ndi tsiku kuchokera ku Limpopo, ku Harare, ku Maputo, ku Mangochi, popanda wowafunsa pakhomo?

Atsogoleri awo amakamba zofika anthu 10,000. Anatsegula koleji ya ntchito zamanja, Bo-Karoo Opleiding, kuti achinyamata aziphunzira konko n'kukhazikika. Anamanga malo opangira magetsi a dzuwa kuti achepetse kudalira Eskom, kampani ya boma ya magetsi ku South Africa. Zomanga zikumangidwa, zimenezo sindikutsutsa. Sinditsutsanso kuti kumeneko mzungu amakumba yekha ngalande, amanyamula yekha njerwa, amakolopa yekha, chifukwa lamulo lawo ndi lakuti ntchito zonse azigwira okha. Pa mbendera yawo pali kamnyamata kakupinda manja a malaya. Koma dzifunseni chifukwa chake munthu akagwira tsache m'nyumba yake yomwe dziko lonse likubwera ndi makamera. Amayi anga akhala akusesa pabwalo pawo moyo wawo wonse, palibe anabwera kudzawajambula.

Walira mvula walira matope. Ukafuna mzinda wafunanso zonse zimene zimabwera ndi mzinda. Anthu 10,000 afuna wotola zinyalala, wokonza mipope ya zimbudzi, wothyola mtedza m'minda, wosamalira okalamba usiku. Onsewo akhale a mtundu umodzi, ndipo avomere malipiro a ntchito zoterozo. Kale dera lija anachotsamo makaladi analitcha dzina lina, Kleingeluk, ndipo ndi kumene kumakhala ambiri mwa azungu osauka ogwira ntchito zamanja. Ndiye kuti ngakhale mwa iwo okha muli a kumtunda ndi a kumunsi. Akachuluka adzatani? Adzatsegula khomo, n'kukhala tauni ngati ina iliyonse yokhala ndi mavuto ngati ena onse, kapena adzapitiriza kusankha, n'kukhalabe kamudzi kokongola pa vidiyo. Ukhondo mukuusirirawo ndi wa khomo lotseka, alamu. Si wa khungu.

Komanso mawu oti a ku Orania ndi "odzilamulira" musamawatafune mopupuluma. Ndalama yawo ija, Ora, anaiyambitsa mu 2004, imagwira ntchito m'tauni momwemo basi, ndipo Ora imodzi ndi randi imodzi. Randi ikagwa nayo yagwa. Msonkho amakhoma ku boma lomwelo la South Africa. Msewu wodutsa pakati pa tauniyo ndi wa boma. Khonsolo yawo inapulumuka kuthetsedwa chifukwa khothi lalikulu la ku Kimberley linawalola mu 2000, ndipo akamadziteteza amatchula ndime 235, yonena za ufulu wodzilamulira, ya malamulo aakulu a dzikolo, malamulo amene anadza ndi ufulu wa anthu omwe iwo sakuwafuna pakhomo. Mandela mwiniwake anapitako mu 1995 kukamwa tiyi ndi Betsie Verwoerd, mkazi wamasiye wa munthu amene boma lake linamutsekera ku Robben Island. Zuma naye anakachezako mu 2010. Ndipo mu 2025 atsogoleri a Orania anakwera ndege kupita ku America kukapempha kuti boma la Trump liwazindikire ndi kuwathandiza. Wodzidalira amakagogoda ku Washington? Ife tikapempha thandizo kunja mumati ndife opemphetsa, iwo akapempha mukuti ndi masomphenya.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti amene akufalitsa vidiyoyi ndi anthu oti kumeneko sangapatsidwe ngakhale ganyu yothirira maluwa. Inu alamu mwakhala mukusamalira kapinga wa azungu ku Joni, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mabwana anu amakuyamikirani kuti Amalawi ndi olimbikira ndi okhulupirika. Agogo athu anapita ndi Wenela kukakumba golide pansi pa nthaka, ena anabwera ndi chifuwa, ena sanabwerenso. Chuma cha dziko limenelo chili ndi thukuta la kwathu kuno. Lero mdzukulu wa anthu amenewo aziimirira pa chinkhoswe n'kumauza ana kuti munthu wakuda sangathe kanthu? Pamaso pa ana? Mwana akamva zimenezo kwa malume ake amene amawaona ngati ngwazi chifukwa abwera ndi foni yaikulu, mukuganiza kuti akula akudziona bwanji?

Ngati mukufuna kudzudzula makhonsolo athu, dzudzulani, ndikuthandizani. Zinyalala zosatoledwa, ngalande zotsekeka, ndalama zosowa, zonsezo n'zoona ndipo zili ndi eni ake amene tingawaloze chala. Koma wakuba ndi wakuba chifukwa waba ndipo palibe wam'manga. Musandibweretsere tauni yosankha anthu pakhomo kuti ikhale umboni woti ine ndinabadwa wolephera.

Ndiponso inu nomwe amene mukusirira misewu ya Orania, ndimakuonani mu minibasi. Mwatha kumwa chakumwa, botolo pawindo. Mwatha kudya nzimbe, makoko pansi pa mpando. Jumbo ya chipisi mwaponya mu ngalande, mvula ikabwera madzi n'kulowa m'nyumba za anzanu. Wina akakudzudzulani mumati kodi msewuwu ndi wa bambo ako. Kondakitala naye amangoseka.