Ku Chipata kholo amaliitanira kope la mwana, kuno ku Salima amaliitanira njerwa

Abale anga, nkhani iyi yandikhala pakhosi chibwerereni ku Chipata, ku Zambia, ndiye lero ndati ndiitulutse basi.

Ndiyambe ndi zakwathu. Mu Julayi, tsiku lotsekera sukulu, tinakhala pansi pa mtengo wa mango ine ndi amayi anzanga, mwera ukutithira fumbi m'maso, tikumvera ahedi akuwerenga zotsatira. Amene muli ndi ana m'sukulu za boma kuno mukudziwa mmene zimakhalira. Nambala wani akatchulidwa, nthungululu, mayi ake kuvina mpaka kutsogolo, wina kumufupa kandalama. Nambala thu chimodzimodzi. Kenako mayina amangoyenda mothamanga. Anamaliza Sitandade 5 yonse, dzina la mwana wanga osamveka pa okhoza. Abwereza.

Anthu akubalalika ndinawatsatira aphunzitsi ake. Ndinati, "Aphunzitsi, pepani, chavuta n'chiyani pa mwanayu?" Anandiyankha mwaulemu ndithu, sindingawanamizire. Anati, "Mayi, Chingerezi chinamukanika kuyambira teremu yoyamba. Masamu ogawa ndiye sayamba n'komwe."

Kuyambira teremu yoyamba! Kuchokera Seputembala kufika Julayi munthu akudziwa kuti mwana wanga akumira, ine mayi wake wokhala mtunda wosakwana kuyenda theka la ola osauzidwa kanthu. Tonse tikudziwa kuti Sitandade 5 ndi pamene maphunziro ambiri amatembenukira ku Chingerezi, ndipo ana ambiri amagwera pomwepo. Akanandiuza mu Novembala ndikanapeza wa Fomu 3 wa pakhomo loyandikana kuti azikhala naye madzulo. M'mera mpoyamba. Koma ndinauzidwa chaka chitatha kale.

Ndipo musaganize kuti ndine wa makolo aja osaponda pasukulu. Chaka chomwecho ndinaitanidwa kanayi. Koyamba kukatuta mchenga kudambo ndi ndowa pamutu. Kachiwiri kukaumba njerwa za chimbudzi cha atsikana, chikombole chinanditupitsa manja sabata yathunthu. Kachitatu unali msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, umene unatenga maola atatu, ndipo onse atatuwo tinakangana za ndalama: ya mlonda, yosindikizira mayeso, ndi kuti ya chitukuko ya chaka chatha inapita kuti. Kachinayi linali tsiku langa lophika phala, nkhuni ndinasenza ndekha. Maulendo anayi, ndipo palibe ndi tsiku limodzi lomwe limene wina anatsegula kope la mwana wanga pamaso panga.

Ndi mtima umenewu ndinakwera minibasi mu Ogasiti, Salima, Lilongwe, Mchinji, kuwoloka pa Mwami, kukaona achemwali anga amene anakwatiwa ku Chipata. Tsiku lachitatu m'mawa anandiuza kuti, "Mng'ono wanga, mangani nsalu, tikupita kusukulu, lero ndi open day." Ine m'mutu mwanga ndinati ndiye kukakhala kuvina ndi kusonkha ndalama. Ndinafunsa ngati titenge ndowa. Anandiyang'ana modabwa.

Imvani zimene ndinaona. Sukulu ya boma, osati ya anthu olemera ayi. Makoma ake ndi ofanana ndi athu omwewa, mawindo ena osweka. Koma m'kalasi iliyonse mphunzitsi anakhala patebulo, kumanja kwake mulu wa malipoti, kumanzere mulu wa makope. Makolo pamzere panja, aliyense ndi mwana wake. Lipoti sapatsa mwana kuti akapereke kunyumba. Achemwali anati teremu iliyonse zimakhala choncho, kholo likapanda kubwera lipoti limagona m'kabati mwa aphunzitsi mpaka litabwera.

Itafika nthawi yathu tinakhala atatu pabenchi, achemwali, mwana wawo wa Giredi 5, ndi ine. Mphunzitsiyo, mayi wachitsikana ndithu, analankhula Chinyanja chomwechi chimene timamva tonse. Sanayambe ndi nambala imene mwana wakhala. Anatsegula kope la masamu, n'kuloza ndi chala. "Onani apa, amai. Kuwonkhetsa alibe vuto. Koma akafika pobwereka pochotsera amaiwala kuti wabwereka. Apa, apa, ndi apanso." Malo atatu, cholakwa chimodzi chomwecho. Kenako anafunsa achemwali kuti amachita geni yanji. Atamva kuti amagulitsa tomato ndi kapenta pamsika, anati Loweruka azimutenga mwanayo, azibweza yekha chenji kwa ogula, koma azilemba papepala asanapereke. Anatembenukira kwa mwana n'kumufunsa ngati wamva. Achemwali anasaina, tinatuluka. Mphindi khumi sizinakwane.

Chimene chinandigwetsa misozi ndi agogo ena amene anali patsogolo pathu. Anamuuza mphunzitsi poyera kuti, "Mwanawe, ine sukulu sindinapite, undionetsa chiyani m'menemo?" Mphunzitsi sanawaseke. Anawaonetsa pakona ya tsamba pamene pamalembedwa deti, n'kuwaonetsa chizindikiro chofiira chimene iye amachonga. Anati, "Agogo, tsiku lililonse akabwera muziti atsegule. Mukaona tsamba latsopano ndi chofiirachi, kusukulu anafika ndipo ntchito anagwira. Mukaona masiku awiri palibe chatsopano, bwerani mudzandifunse." Agogo aja anatuluka atanyamula kope ngati anyamula mwana wakhanda. Ndinakumbukira mayi anga omwe anatilera osadziwa kulemba dzina lawo, ndipo palibe mphunzitsi amene anawauzapo kuti ali ndi gawo pa sukulu yathu kupatula kutidzutsa m'mawa.

Pamzere paja abambo analipo, osati mmodzi kapena awiri. Wina anafika ndi njinga ya kabaza, anaikhoma pamtengo, n'kuima pamzere ndi kamtsikana kake. Kwathu kuno msonkhano wa sukulu ndi wa amayi. Bambo akapezekapo ndiye kuti ali m'komiti, kapena mwana wamenya mnzake ndipo ahedi anena mawu aja amene mwana aliyense wa ku Malawi amawaopa: "Mawa ubwere ndi kholo lako." Taganizani, abale. Mawu oitanira kholo kusukulu kwathu kuno ndi chilango. Mwana amalira njira yonse, kholo limapita litakwiya kale. Ndiye tidabwe kuti makolo amaona sukulu ngati bwalo la milandu?

Pobwerera ndakhala ndikuganiza kuti kusiyanaku kunachokera kuti, popeza ndife anthu amodzi, Gawa Undi wathu ndi mmodzi, ku Kulamba timakumana ku Mkaika chaka ndi chaka. Ndikuona kuti ife tinazolowera kalekale kuti chitukuko cha sukulu ndi thukuta. Nthawi ya Kamuzu kunali Youth Week ndi ntchito zodzithandiza. Mu 1994 a Bakili Muluzi atalengeza pulayimale yaulere, ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, makalasi kulibe, aphunzitsi osakwana. Itabwera MASAF, thumba lothandiza zitukuko za m'midzi, mudzi unkayamba waonetsa njerwa ndi mchenga kuti thandizo lifike. Zinali zofunika, sindikukana, midadada yambiri imene ana athu akukhalamo lero inamangidwa choncho. Koma chizolowezicho chinakhazikika mpaka mawu akuti kutenga nawo mbali anasanduka kutanthauza uvuni wa njerwa. Kholo la ku Malawi ndi manja ndi thumba. Mutu wake ndi maso ake, amene amamudziwa mwanayo kuposa wina aliyense, palibe amene amawafuna.

Anzathu a ku Zambia pulayimale yaulere anaiyamba mochedwa kuposa ife, mu 2002 nthawi ya a Levy Mwanawasa. Koma mu Januwale 2022 boma la a Hakainde Hichilema linachotsa fizi mpaka Giredi 12, kuphatikizapo ndalama za PTA, bungwe la makolo ndi aphunzitsi, ndipo chaka chomwecho analemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ndalama ya chitukuko cha m'madera a aphungu, yotchedwa CDF, anaikweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ya kwawoko pa dera la phungu aliyense, ndipo ina imagulira madesiki. Achemwali anandiuza mawu amene sindidzaiwala: kale nawonso misonkhano yawo inali yokangana za ndalama, koma nkhani ya ndalama itachepa anatsala ndi nkhani imodzi yokha yokambirana, ndiyo mwana.

Tsono ndisakhale ngati munthu wodya nsima ya eni tsiku limodzi n'kuyamba kunyoza ya kwawo. Zina ndivomere. Aphunzitsi a mwana wanga ali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi, ena akukhala pansi, ndipo iwo amachokera kutali panjinga chifukwa nyumba za aphunzitsi n'zochepa. Munthu wotere ukamuuza kuti akhale ndi kholo lililonse tsiku limodzi, akhoza kugona pomwepo. Ndipo ku Chipata si kumwamba. Chichotsereni fizi makalasi anadzaza, alamu anga amadandaula kuti mwana wawo wamng'ono amalowa masana chifukwa zipinda sizikwana.

Palinso chimodzi chimene ndinawauza achemwali mutu uli m'mwamba: Mother Group yathu. Amayi amenewa ndi amene amasoka nsalu zoti atsikana azigwiritsa ntchito akakhala kumwezi kuti asamajombe. Ndi amene amagogoda pakhomo mtsikana akasowa m'kalasi sabata imodzi. Ndinaona ndi maso anga akupita kwa a gulupu kukamuchotsa ku banja mtsikana wa Sitandade 7, ndipo lero ali ku sekondale. Lamulo lolola mtsikana amene anabereka kubwerera kusukulu ife tinali nalo mu 1993, ku Zambia linabwera mu 1997. Ngakhale phala la Mary's Meals linayambira kuno ku Malawi mu 2002, kwa iwo linafika pambuyo, ndipo amene amadzuka nkhuku zisanalire kukasonkha moto ndi amayi a m'mudzi osalandira kanthu. Pa kudzipereka, makolo a ku Malawi palibe wotiposa kuzungulira konseku. N'chifukwa chake zikundipweteka kwambiri. Anthu odzipereka chonchi, bwanji osawakhulupirira ndi kope?

Za maiko enawo sindichulutsa. Abale athu a kutsidya kwa nyanja ku Mozambique, kunyumba amalankhula Chinyanja koma makope ambiri ali m'Chipwitikizi, ndiye kholo limavutika kuposa ife. Ku Tanzania pafupifupi pulayimale yonse ya boma ndi ya m'Chiswahili, mayi wogulitsa pamsika amatha kuwerenga zimene mwana walemba mpaka amalize. Koma amene wanditsegula maso ndi wa ku Chipata, chifukwa zimene akuchita sizifuna ndalama ya boma ngakhale tambala.

Ndipo kuno kunyanja tikuzifuna kuposa iwo. Pitani pa dooko ku Senga Bay kapena ku Chipoka usipa ukagwa, muwerenge anyamata a msinkhu wa Sitandade 4 ndi 5 amene akuthandiza alovi ndi kuyanika pa thandala nthawi ya sukulu. Ambiri a iwo anachoka pakhomo atavala yunifolomu. Mayi akudziwa kuti mwana ali m'kalasi, mphunzitsi akuganiza kuti makolo ndi amene amutuma kunyanja, ndipo awiriwa sanakhalepo pabenchi limodzi. Mafumu anaika chindapusa kwa kholo la mwana wojomba, chabwino, koma chindapusa chimabwera mwana atazolowera kale ndalama ya usipa. Nzeru imene anapatsidwa agogo aja, deti ndi chofiira, ikanamugwira tsiku lachiwiri.

Sukulu itatsegulidwa mu Seputembala ndinaimirira pa msonkhano wa makolo. Ndinati, "Ahedi, a komiti, ndi inu makolo anzanga, ine ndili ndi pempho losafuna ndalama." Ndinawawerengera pamaso pawo. Kalasi ya ana 100, mphunzitsi akamaona makolo khumi Lachisanu lililonse ana akaweruka, pa masabata khumi wamaliza onse, teremu isanathe. Ola limodzi ndi theka pa sabata. Mafumu amene amatiitana ku njerwa ndi omwewo angatiitane ku makope, mudzi ndi mudzi. Amayi anawomba m'manja. A tcheya a komiti anati maganizowo ndi abwino, alembedwa, tidzawaona tikamaliza kuwotcha uvuni. Bambo wina kumbuyo anati za ku Zambia zisiyidwe ku Zambia. Ndinamuyankha kuti zitenje za ku Chipata akazi ake amavala, nanga nzeru yokha ndiye ikanizidwe pa boda?

Koma tikutuluka, aphunzitsi a Sitandade 5 aja anandiitanira pambali. Anati, "Mayi, ine za komiti sindidikira. Lachisanu likubwerali bwerani ndi mwana ndi makope ake onse, muuzenso anzanu anayi a m'mudzi mwanu." Ndauza kale atatu, ndipo wachinayi ndikufuna akhale bambo. Mawa m'mawa maboti akamakocheza ndikawapeza pa dooko bambo a mnyamata woyandikana nafe, amene kope lake la masamu linalekera pa deti ya sabata yatha.