Mitengo ili ndi mankhwala, koma botolo la mu basi si ARV

Abale anga a kuno kum'mawa, nkhani ya mabotolo amene akugulitsidwa m'misika ya Chipata ndi m'mabasi opita ku Lundazi ndi Katete ikundisowetsa mtendere. Botolo limodzi akuti likuchiza HIV, chimfine, shuga ndi BP. Wogulitsa amati asayansi anapeza kuti mtengowo umapha mavairasi, ndipo nthawi zina sanama. Madzi a masamba ambiri amafooketsadi vairasi m'kambale ka mu labotale. Koma m'kambalemo mulibe chiwindi, mulibe impso, mulibe magazi. Jik nayenso amapha vairasi m'kambale, koma ndani angamwetse mwana wake?

Mitengo sindiinyoza ayi. Tamiflu, mankhwala a chimfine chachikulu, anayamba kupangidwa kuchokera ku shikimic acid wa m'zipatso za star anise za ku China. Coartem amene timamwa tikadwala malungo gwero lake ndi chomera cha Artemisia annua, ndipo wasayansi wa ku China Tu Youyou analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchitoyo. Komatu malungo si vairasi. Pulezidenti Andry Rajoelina wa ku Madagascar atatulutsa Covid-Organics mu 2020 kuchokera ku chomera chomwecho, umboni woti chakumwacho chikuchiza Covid sunaoneke. Calanolide A, wochokera ku mtengo wa ku Sarawak ku Malaysia, anatsekereza HIV mu labotale mpaka anayesedwa pa anthu, koma mpaka lero sanafike pa shelefu ya chipatala.

Amene asunga abale athu ndi moyo ndi ma ARV, mankhwala opangidwa ndi akatswiri, kuyambira AZT mu 1987 mpaka piritsi limodzi la TLD limene anthu akulandira kwaulere. Mulingo wake ndi wodziwika, zovuta zake n'zodziwika. Za m'botolo palibe anayeza, ndipo zitsamba zina monga St John's wort zimachepetsa mphamvu ya ma ARV m'magazi munthu osadziwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti agogo athu akutha ndi nzeru zawo za mizu ndi makungwa, mitengonso ikuthera ku makala. Boma lipereke ndalama ku yunivesite ya UNZA ndi ku bungwe lofufuza za matenda la ku Ndola, akhale pansi ndi asing'anga, ayeze mitengo yathuyi bwinobwino, phindu likapezeka lifikenso kumudzi kumene nzeruyo inachokera. ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, nayo ilowe m'mabasimo.

Inu amene muli pa ma ARV, musasiye. Ngati mukumwako zitsamba, auzeni anamwino tsiku lokatenga mankhwala.